Mango a Pabwinja Pathu Anapezeka M'kompyuta

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Mchinji ndi inu a kutali amene mawu awa akupezeni. Ine ndine Felesiya Nambewe, mlimi wa kudera la Zulu, mayi wa ana asanu. Ndikufuna ndikuuzeni za munda wa malemu amayi anga, mmene unatsalira pang'ono kulowa m'manja mwa mwini esiteti ya fodya, ndi mmene Mulungu anaubwezera kwa ine ndi ana anga. Koma ndineneretu kuti njira imene Iye anadzera sindinaikonde ngakhale pang'ono. Anadzera mwa munthu amene ndakhala ndikumuchitira nsanje kuyambira ndili mtsikana, mng'ono wanga Rozina.

Tinabadwa awiri okha, ine wamkulu. Kusukulu tonse tinkakhoza, ndipo masamu ndinkamuposa, izi ngakhale mwini wakeyo sangakane. Chaka chimene ndinkayenera kulemba mayeso a Sitandade 8, amayi anagwa ali kumunda, mbali imodzi ya thupi n'kufooka osagwiranso ntchito. Bambo anali atatisiya kale. Panalibe zokhala pansi kukambirana kuti atsale pakhomo ndani, chifukwa wamkulu ndiye amatsala. Ine ndinanyamula khasu ndi beseni losambitsira amayi, ndipo patapita zaka Rozina ananyamula sutikesi kupita kusekondale yogonera konko. Atachoka kumeneko anapita kukoleji, kenako anapeza ntchito ku Lilongwe, kuofesi yokonza mapu.

Akabwera kumudzi, anthu ankathamangira kumsewu. Unkangomva kuti, "Mwana wa a Nabanda wafika!" ngati kuti amayi anabereka mwana mmodzi. Ankabwera ndi shuga, sopo ndi chitenje changa, ndipo ndinkalandira ndi manja awiri, pakamwa pakuti zikomo, mumtima mukuwira. Ine amene ndinkatembenuza amayi pamphasa zaka zonsezo, kuwamwetsa phala ndi supuni, ndinali chabe "Felesiya uja". Pa maliro a amayi, woyankhula m'malo mwa banja anathokoza Rozina chifukwa cha bokosi, chifukwa cha galimoto, chifukwa cha ndiwo za anthu obwera kudzalira. Ine ndinalowa m'gulu la "ndi ena onse amene sitinawatchule". Anthu ankandigwira mapewa poona mmene ndinkalirira, osadziwa kuti misozi ina sinali ya maliro.

Itatha nthawi ya chipani chimodzi, ntchito yake inasintha, ndipo tsiku lina anatifotokozera tili pakhonde. Anati kalekale, kuyambira nthawi ya atsamunda, ndege zinkauluka pamwamba pa dziko lino zikujambula pansi, mudzi ndi mudzi, dambo ndi dambo. Zithunzizo zinali m'makatoni, zina zitachita nkhungu, zina zikudyedwa ndi njenjete. Kale munthu wamba sankaziona popanda chilolezo, makamaka za kuno kumalire ndi Zambia. Tsono iye ndi anzake ankatenga chimodzichimodzi, kuchipukuta, kuchiika pagalasi la makina, n'kuchilowetsa m'kompyuta kuti okonza mapu ndi wina aliyense azichipeza mosavuta. Ine ndinaseka mokweza kuti onse amve. "Ndiye iwe amakulipira chifukwa chojambula chithunzi cha chithunzi?" Anthu anaseka nane, naye Rozina anaseka. Koma maso anga anali pa manja ake osalala, anga nditawabisa m'chitenje.

Tsono za munda. Munda wathu uli pabwinja, pamene panali mudzi wathu tisanasamukire kufupi ndi msewu, ine ndili wa msinkhu wotunga madzi, Rozina ali kumsana. Pabwinja nthaka imakhala yachonde chifukwa cha phulusa ndi makola akale, ndipo chimanga chathu chinkachita bwino ngakhale feteleza atachepa. Pepala la malowo tinalibe, monga mmene alibe aliyense m'mudzi mwathu. Mboni yathu inali mango. Makolo anabzala mitengo ya mango mizere iwiri, nyumba zili pakati, ndipo kwathu kuno anthu akakangana za malo amapita kukaima pansi pa mtengo n'kunena amene anaubzala. Mtengo ukakhala ulipo, mlandu sutalika. Tsidya la dambo kunali esiteti, ndipo zaka zonsezo eni ake sanawolokepo madzi kubwera mbali yathu.

Kenako inafika njala ija imene tonse tikuikumbukira, anthu akudya madeya ndi mizu ya nthochi. Amuna anga anawolokera ku Zambia kukasaka ganyu, ine mphamvu ndinalibe, mbewu tinadya, ndipo munda unagona tsala. Nthawi yomweyo esiteti inkafuna nkhuni zoumitsira fodya m'mabani. Amalume athu a Yakobe, mwini mbumba, anagwirizana nawo kuti adule mango onse aja, iwo atipatse chimanga. Sindingawaweruze amalume, chifukwa ufa wake nanenso ndinadya, ndipo ana anga anapulumukira pomwepo. Antchito a kuesiteti anadula, n'kukumbanso ndi zitsa zomwe, akuti chitsa chimasunga moto. Ife tinawathokoza kuti atilambulira munda. Palibe mmodzi wa ife amene anaganiza kuti tapereka mboni zathu kuti zikapse. Zaka zotsatira tinkalima mbali imodzi yokha, mbali ina udzu unakula mpaka m'chiuno.

Esiteti ija inagulidwa ndi bambo wina wa m'tauni amene anapuma pantchito. Mmawa wina mu Ogasiti, ndikupita kukasosa, ndinapeza thirakitala ili m'munda mwathu, ikugalauza pamene panali nyumba ya amayi. Kapitawo wa kuesiteti anandiuza mosatekeseka kuti lizi ya bwana wake, pepala la boma lobwereketsa malo, imafika mpaka kunjira ya kuchigayo, ndipo malo amenewa akhala tchire chiyambire. Ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Iye anangoti, "Mayi, tisonyezeni chizindikiro chimodzi chokha choti pano panakhalapo anthu." Ndinatembenuka uku ndi uku, pali mbee, popanda ngakhale chitsa choti ndiloze.

Nkhani inapita kwa amfumu. Amuna anga atadzuka kuti ayankhule anawakhazika pansi, chifukwa iwo ndi mkamwini, anachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti, ndipo mkamwini sayankhula za nthaka ya eni mudzi. Amalume anayankhula maso ali pansi, ndipo a kuesiteti atawafunsa kuti mitengo akunenayo ili kuti, anangokanda m'mutu. Akuluakulu amene ankalidziwa bwinjalo ambiri anali atapita ndi njala ija. Otsalawo ana awo ankagwira ganyu kuesiteti komweko, ndiye ankangoti sakukumbuka bwino. Amfumu anati nkhani ya lizi yawakulira, ipite kuofesi ya za malo ku Boma, ndipo mpaka ithe pasapezeke wolima pamalopo. Potuluka, kapitawo ananditsatira n'kundiuza ngati akundichitira chifundo kuti bwana akhoza kutilemba utenanti, tizilima fodya wake pamalo pomwepo. Utenanti pamunda wa amayi anga! Ndinangotembenuka n'kubwerera kunyumba.

Amuna anga ndi munthu wofatsa. Anadikira kuti ndidye kaye, kenako anati, "Mayi a Tadala, bwanji tiwaimbire alamu ku Lilongwe? Si za malo zomwezi amagwira?" Ndinawayankha kuti tsiku limene adzaimbe foniyo adzayambe alongedza katundu wobwerera ku Phalombe. Mwina mukuseka, koma mvetsani mmene zinalili mumtima mwanga. Chilichonse chabwino pakhomo panga chinali ndi dzina la Rozina: malata a padenga, yunifolomu za ana, ndi wailesi yomwe. Munda wokhawo ndiwo sunadzere m'manja mwake. Ndinaulima ndekha amayi ali gone, ndikudziwa pamene pamadikha madzi ndi pamene pamavuta kaufiti. Ndinkadziwa kuti akaubweza iye, mudzi wonse uzidzati "munda umene anaombola Rozina", ine n'kusanduka wongoulondera. Ndinkaona kuti kuli bwino ndiluze ndekha kusiyana ndi kupambana ndi dzanja lake.

Ndinapemphera, abale anga, ndipo sindinapemphere mwaulesi. Amayi a mumphakati wathu wa kutchalitchi ankabwera Lachinayi lililonse, tinkagwada pamodzi, ena mpaka kusala nane kudya. Koma ndikatsala ndekha pemphero langa linkakhala ndi mchira. Ndinkati, "Ambuye, tumizani munthu. Kaya ndi loya, kaya ndi wansembe, kaya ndi mlendo wongodutsa, ndimulandira. Koma Rozina yekha ayi." Ku Boma ankangotiuza kuti tidikire anthu oyeza malo, ali ndi milandu yambiri. Mvula inagwa mpaka inatha munda uli gone, ife tikudya za kadimba ka kuseri kwa nyumba ndi za maganyu.

Chodabwitsa n'chakuti ndinkakwiyanso kuti Rozina sakubwera. Nthawi yonseyi anangotumiza thumba la ufa ndi moni, osafunsa kanthu za mlandu. Ndinkati m'tauni mwamukomera, waiwala kumene unagwera mchombo wake. Chikhala anabwera ndikanamuthamangitsa, koma poti sanabwere ndinamusungira chakukhosi. Munthu wa nsanje sungamukondweretse, ndipo ine ndikudziwa chifukwa ndakhala m'thupi mwake.

Okutobala wachiwiri anafika, anzanga akuunga mizere, ine ndili pakhonde manja lende. Nsanje inafalikira ngati zipere. Ndinayamba kuipidwa ndi aliyense wodutsa ndi khasu paphewa, ngakhale mayi wamasiye woyandikana nane amene kamunda kake n'kamchenga. Ndinaonda mpaka chitenje chinayamba kuzungulira kawiri. Tsiku lina Tadala, mwana wanga wamkulu, anandifunsa ngati asiye sukulu akalowe ganyu yosoka fodya kuesiteti kuti ang'ono ake azidya. Mawu amenewo anandilasa kuposa onse, chifukwa nayenso ndi mtsikana woyamba kubadwa. Ndinalowa m'nyumba n'kuuza Mulungu kuti ndatopa, ngati wandiiwala angondiuza.

Lamulungu lotsatira itatha Misa, pa zolengeza, akatekisiti anawerenga uthenga wochokera ku Boma. Anati kuofesi ya za malo aikako kompyuta imene muli zithunzi zakale za Mchinji yense zojambulidwa ndi ndege, ndipo aliyense wofuna kuona apite, palibe kulipira, palibe kupempha chilolezo. Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Mayi wa pambali panga anandigunda ndi chigongono. "Si ntchito ya mng'ono wanu ija imeneyi? Koma ndiye munadala inu!" Ndinangoonetsa mano. Ngakhale m'tchalitchi, mmene ndinabwera kudzalirira munda wanga, dzina lomveka linali lake.

Koma pobwerera kunyumba ndinayamba kuganiza. Akuti aliyense, ndiye kuti inenso ndili momwemo. Sindikafunika kugwada, sindikafunika kunena kuti ndine mkulu wake wa uje. Ndinafufuza mwakachetechete kwa mphunzitsi wina amene amapitapita ku Boma, ndipo ananditsimikizira kuti Rozina kulibeko, ali ku Lilongwe. Mmawa mwake ndinakwera matola nditafunda chitenje kumutu, ngati Mkhristu wopita kwa sing'anga.

Muofesimo ndinapeza bambo wina wa imvi ndi magalasi, a Mwale, amene ankayang'anira kompyutayo. Patsogolo panga panali anthu awiri okonza mapu a mijigo, ankafuna kuona kumene kunali zitsime zakale, ndiye ndinadikira pabenchi. Itafika nthawi yanga ndinatchula dzina la amuna anga, la kwathu ndinalibisa. Ndinafotokoza za mlandu, iwo anamvetsera osandidula, kenako anatsegula chithunzi cha dera lathu. Ndinagwa mphwayi. Zimene ndinaona zinali ngati phulusa lomwazika pamphasa, popanda nyumba, popanda munthu. Mumtima ndinati, ndiye zimenezi ndi zimene amatamandidwa nazo Rozina?

A Mwale anandiuza kuti ndisayang'ane ngati munthu woyenda pansi, ndiyang'ane ngati kabawi ali m'mwamba. Timizere toyera ndi njira za anthu, chakuda chotambalala ndi dambo, madontho akuda ndi mitengo. Anandisonyeza msewu wochokera ku Ludzi ndi mlatho wa mitengo umene unalipo kale, n'kundiuza kuti ndiyende ndi chala ngati ndikupita kwathu. Ndinayenda. Ndinakhota pamene tinkakhota, ndinadutsa pachulu chachikulu, ndinatsata kanjira ka kuchitsime. Iwo ankakulitsa chithunzicho pang'onopang'ono. Kenako chala changa chinaima chokha. Mizere iwiri ya madontho akuda inali pomwepo, ndipo pakati pake panali nyumba, iliyonse ndi bwalo lake loyera losesedwa bwino. Ya amayi ndinaizindikira chifukwa cha khola la mbuzi limene linali kumbuyo kwake. Ndinayang'ana tsidya la dambo, kumene lero kuli mabani ndi nyumba ya bwana, ndipo kunali mitengo yokhayokha. Tchire linali kwawoko.

Ndinalira muofesi ya boma ngati mwana. Tsiku limene ndege inadutsa, amayi anali akuyenda ndi miyendo yawo yonse iwiri, mwina bwalo loyeralo anali atangosesa kumene. A Mwale anandisiya ndilire, kenako anandionetsa chaka cholembedwa m'mphepete mwa chithunzi, n'kunena kuti chinajambulidwa esiteti isanabadwe n'komwe. Anandisindikizira pepala lalikulu, ndipo anati oyeza malo nawonso ayamba kugwiritsa ntchito zithunzi zomwezi. Pepalalo ndinalikulunga m'chitenje, ndipo m'matola ndinalikweza m'mwamba njira yonse kuti anthu asalikhalire.

Oyeza malo anabwera mitambo itayamba kusonkhana. Anali atasanjika mapu a lizi ya esiteti pamwamba pa chithunzi chakale chija, ndipo zinaonekeratu kuti malire awo amathera m'dambo. Analowa m'bango n'kukapeza bikoni ya simenti yosonyeza malire itakwiririka m'matope. Kapitawo sanagonje, anati madontho ndi madontho, ikhoza kukhala mitengo ya m'tchire. Mmodzi wa oyeza malo anayeza kuchokera pachulu chija, nakhoma chikhomo pamene chithunzi chinkasonyeza mtengo woyamba, n'kufunsa ngati alipo angakumbe. Amuna anga anali atagwira kale khasu. Kuyankhula anawaletsa, koma kukumba palibe anawaletsa. Anakumba mpaka m'chiuno, thukuta kamukamu, ndipo anatulutsa muzu waukulu ngati ntchafu utayamba kuwola. Amalume anaulandira, anaukanda ndi chikhadabo, misozi n'kuyamba kutsika. "Ndi mango awa. Pano panali wa maboloma uja, anabzala ndi malemu amayi anga."

Mwini esiteti, amene naye anabwera tsikulo, anavula chipewa. Anati iye pogula anauzidwa kuti mbali ino ndi tchire, ndipo nthaka ya pabwinja la anthu sakuifuna. Oyeza malo analemba zawo, ndipo tsiku lomwelo anatiuza kuti tilime. Mvula yoyamba inatipeza tikuunga mizere pamene inadutsa thirakitala.

Abale anga, ndinavina. Ndinathokoza Mulungu m'tchalitchi pamaso pa anthu, ndipo chimene chinkanditsekemera kwambiri chinali chakuti ndachita ndekha. Ndinapita ndekha, ndinaloza ndi chala changa, sindinapemphe munthu. Wina akati zithunzi za Rozina zathandiza, ndinkamuyankha kuti zithunzi ndi za boma, anajambula ndi anthu a ndege kalekale, iye anangopukuta fumbi. Ndinkaona ngati Mulungu wamva pemphero langa ndi mchira wake womwe.

Chimanga chitafika m'mawondo, ndinagwira tambala kupita naye ku Boma kukathokoza a Mwale. Atandiona anaseka. "Mayi Nambewe, mwabweranso?" Ndinachita kakasi, chifukwa dzina limenelo sindinawauzepo. Anazindikira kuti aulula osafuna, ndipo atakanda pachipumi anati bola angonena zonse, kuopa kuti tambala angadye wolakwika. Kompyuta ija, anatero, inkayenera kukhala ku Lilongwe kokha, ndipo zithunzi za kumalire kuno zinkayenera kubwera kumapeto. Mayi wina wa kuofesi ya mapu ndiye anavuta akuluakulu ake mpaka anavomera kuti ayesere kuno ku Mchinji. Anagwira ntchito ndi Loweruka lomwe kuti zithunzi za kuno zithe mvula yachiwiri isanagwe, anabweretsa yekha kompyutayo, n'kuwaphunzitsa a Mwale kagwiritsidwe ntchito kake. "Pochoka anandiuza kuti, 'Asisi anga akabwera muwathandize ngati simukuwadziwa. Akangomva kuti ndalowererapo abwerera pakhomo. Kwa ine sangabwere, koma pakati pa anthu mwina alowa.'" Za mlandu Rozina anamva kwa amuna anga ofatsa aja, amene anakaimba foni mobisa sabata yomwe ndinawaopseza.

Mukuganiza kuti ndinagwada pomwepo kuthokoza? Ayi. Ndinatuluka mtima ukuwawa kuposa tsiku la thirakitala. Ndinakhala padepoti tambala ali pamiyendo, ndikukangana ndi Mulungu. Sukulu munapatsa iye, ntchito iye, ulemu wa pamudzi iye. Tsopano ndi mtima wabwino womwe mwapatsanso iyeyo? Nanga ine mwandisiyira chiyani? Kondakitala wina ankakuwa za Lilongwe m'khutu mwanga, ndipo sindikudziwa ngati ndinkafuna kukathokoza kapena kukakalipa, koma ndinakwera.

Ndinafunsira mpaka ndinaipeza ofesi yake. Anandilowetsa m'chipinda chozizira chopanda zenera, chonunkha mapepala akale, makatoni ali mpaka kudenga. Rozina anali atawerama pamakina, atavala magolovesi oyera, maso ali psuu ndi fumbi. Sindinkadziwa kuti wayamba imvi. Atandiona ndi tambala kukhwapa anadziwa kuti a Mwale aulula, ndipo anaima ngati mwana wopezeka akunyambita shuga. Ine mawu onse amene ndinakonza m'minibasi anathawa. Ndinangoti, "Iwe, umadziona wochenjera eti?"

Iye anatsegula kompyuta yake, ndipo chithunzi cha pabwinja pathu chinali pomwepo. "Asisi," anatero, "mudziwu ndinaupeza, koma nyumba ya amayi sindikuidziwa. Posamuka ndinali kumsana. Ndakhala ndikuyang'ana tsiku ndi tsiku, kukufunsani ndikuopa." Ndinaloza ya khola la mbuzi kumbuyo. Anavula golovesi n'kuika chala chake pomwepo, osachichotsa. Kenako anayankhula osandiyang'ana. "Inu munawasambitsa, munawadyetsa, mawu awo omaliza anauza inu. Ine ndinafika atatseka kale maso, nditanyamula bokosi. Mukudziwa mmene ndimakuchitirani nsanje? Inu muli ndi amayi onse. Ine ndili ndi kadontho aka."

Ndinakhala pakatoni. Zaka zonsezi ndinkayang'ana zimene iye ali nazo, osadziwa kuti naye akuyang'ana zanga. Tinalira awiri m'chipinda chozizira chija, tambala akuphupha pansi, mpaka mlonda anasuzumira kudzaona ngati kwagwa zovuta. Tsiku limenelo ndinamufotokozera mmene amayi anathera, zimene iye sanandifunsepo ndipo ine sindinamuuzepo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anabweza munda wa amayi anga. Ana anga akudya, ndipo Tadala sanasiye sukulu. Ndikuthokoza amayi a mumphakati amene anagwada nane, a Mwale, ndi amuna anga amene sanandimvere. Ndipo pano, nonse mukuwerenga, ndikuthokoza Rozina mng'ono wanga, amene m'tchalitchi muja sindinamutchule. Inu amene muli pa mlandu wa malo, musataye mtima. Zithunzi zija zilipo, pitani mukaone, safunsa kuti ndinu mwana wa yani. Inu amene mukupemphera yankho likuchedwa, limbikirani, koma musamusankhire Mulungu munthu woti amutume. Ine ndinamusankhira, Iye anandimvera chisoni, nandibisira dzanja limene ndinkalikana mpaka chimanga chitamera.

Sindinama kuti nsanje inatheratu. Mwezi watha ndinamva kuti Rozina amukweza pantchito, pakamwa panathokoza msanga, mtima unatsalira m'mbuyo pang'ono. Ndiye mukamapemphera muzindikumbukira. Koma nthawi yokolola ikafika amabwera, timakhala awiri pabwinja paja tikusenda chimanga, iye akufunsa za amayi, ine ndikuyankha. Ambuye akhale nanu nonse.